Mmene mungalankhulirane pakhomo wina akayamba kusamva bwino

Makutu akayamba kufooka, mwiniwake ndiye amakhala womalizira kudziwa. Oyamba kuona ndi apakhomo: wailesi ikulira mpaka kwa aneba, "mwati bwanji?" wachuluka, mlendo wachita odi kangapo mpaka wabwerera. Posakhalitsa pamabwera kuganizirana zoipa. Ana amati agogo akuchita dala, mkazi amati mwamuna wake amamva zokhazo zomukomera, naye wosamva bwinoyo amadandaula kuti masiku ano anthu amangong'ung'udza, mwinanso akumunena. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 1.5 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto la kumva, ndipo pafupifupi 430 miliyoni mwa iwo vuto lawo ndi lalikulu lofunika thandizo. Malangizo awa ndi a banja limene muli munthu wamkulu amene kale ankamva bwinobwino koma tsopano makutu akumuthera. Ntchito yambiri ili kwa inu akumva bwino, chifukwa ndinu amene mungasinthe pokhala, pounikira ndi kalankhulidwe.

1. Yambani mwamvetsa chimene chatayika

Makutu a munthu wokalamba, kapena amene wagwira ntchito zaka zambiri pachigayo, m'fakitale kapena posula ndi kudula zitsulo, sataya mawu onse mofanana. Amayamba ndi mawu opyapyala, monga kulira kwa timbalame kapena kwa foni. M'kulankhula kwa munthu, a, e, i, o ndi u ndi zamphamvu ndipo zimamvekabe. Zimene zimasowa ndi s, f, ts, t, k, komanso kampweya kaja kosiyanitsa "pala" ndi "phala". Mukati "tengani sefa", iye amangomva e, a ndi i, zotsalazo n'kumachita kulota. N'chifukwa chake amati, "Ndikumva kuti mukulankhula, koma sindikugwira mawu ake." Sakunama.

Mawu a amayi ndi ana amakhala opyapyala ndiponso ofewa kusiyana ndi a abambo ambiri, choncho ndi amene amayamba kuvuta. Apongozi akamamva mwana wawo wamwamuna koma mtengwa osamumva, musathamangire kunena kuti ndi tsankho.

Chinanso chimene chimayambanitsa anthu n'chakuti munthu yemweyo amamva nthawi zina, nthawi zina ayi. M'mawa, pamalo a zii, maso ndi maso, amamva pafupifupi zonse. Madzulo, atatopa ndi kulota mawu tsiku lonse, ana akusewera, mbale zikulira, samva kanthu. Khutu lofooka limalephera kupatula mawu a munthu paphokoso, ndipo ubongo umagwira ntchito yolemetsa yodzaza mipata. Afotokozereni ana zimenezi musanachite china chilichonse.

2. Pitani naye kokayezetsa

Musayambe ndi "mwagonthatu inu". Mawu amenewa amatseka nkhani. Sankhani nthawi imene muli awiri, nenani zimene mwaona, ndipo dziperekeni kumuperekeza: "Bambo, ndaona kuti pafoni mukuvutika. Tiyeni tikaonetse makutuwa, mwina ndi phula chabe." Ndipo nthawi zina limakhaladi phula lotseka khutu, limene achipatala amachotsa tsiku lomwelo. Musalikolokole ndi mtengo wa machesi, nthenga kapena timitengo ta thonje. Zimenezi zimalikankhira mkati, ndipo zingathe kuboola kang'oma ka m'khutu.

Yambirani kuchipatala cha pafupi kuti aunike m'khutu. Kuyeza kwenikweni kwa kamvedwe kumachitika pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi pa ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, ndipo amene ali ku Zambia angafunse pa Beit CURE ku Lusaka. Munthu amavekedwa mahedifoni, n'kumasonyeza akamva kamawu. Sizipweteka. Musatuluke musanafunse zinthu zitatu: khutu limene likumva bwino ndi liti, vuto lafika pati, ndipo kodi ndi lochizika kapena lofunika makina othandiza kumva. Kukula kwa vuto amakuyeza m'madesibelo, muyeso wa kukwera kwa mawu. Malinga ndi WHO, 20 mpaka 34 ndi vuto laling'ono, 35 mpaka 49 lapakati, 50 mpaka 64 lokulirapo, 65 mpaka 79 lalikulu, ndipo kuyambira 80 ndi lalikulu kwambiri. Kucheza wamba kumakhala cha m'ma 60, kunong'ona cha m'ma 30. Mukaika manambalawa pamodzi muona chifukwa chake munthu wa vuto la 40 amachezabe masana koma kunong'ona samva.

Pali zizindikiro zosadikira. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena m'masiku awiri atatu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amathandiza akaperekedwa msanga. N'chimodzimodzi khutu likamatuluka mafinya, likamapweteka, kapena pakakhala chizungulire. Mankhwala ena monga gentamicin, streptomycin, kanamycin, amikacin ndi quinine angathe kuvulaza makutu. Makutu akayamba kulira munthu ali pa mankhwalawa, uzani adokotala msanga, koma musasiye mankhwalawo nokha.

3. Gwirizanani za ulemu musanasinthe kakhalidwe

Apa ndi pamene mabanja ambiri amakakamira. Munthu wosamva bwino amadalira milomo ndi nkhope ya wolankhula, ngakhale sanaphunzitsidwepo. Koma ulemu wathu umafuna zosiyana ndi zimenezo. Mwana amagwada n'kuzolika. Mkamwini amanjuta chapatali, nkhope atalozetsa kumbali. Mtengwa amalankhula motsitsa, mwina ataphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Zonsezi ndi zabwino, koma kwa agogo amene makutu awathera, ulemu wotere umawasiya osamva kanthu.

Kuti wina asaoneke wachipongwe, nkhaniyi ikambidwe poyera, ndipo chilolezo chichokere kwa mwini wake kapena kwa wamkulu amene banja limamumvera, monga atsibweni kapena ankhoswe. Mtengwa angathe kupempha kuti, "Amayi, kuti muzindimva bwino, ndiloleni ndizisendera pafupi ndi kukuyang'anani kumaso." Kugwada sikuletsedwa. Chofunika n'chakuti nkhope idzuke ndipo ifanane msinkhu ndi ya womverayo.

Zikalolezedwa, tsatirani izi nthawi zonse. Musayambe kulankhula asanakuoneni. Bwerani chakutsogolo kapena chakumbali, tchulani dzina kapena ulemu wake, mukhudzeni pang'ono pamkono ngati chibale chanu chikulola, apo ayi kwezani dzanja pomwe angalione. Kumutulukira kumbuyo kumadzidzimutsa, chifukwa mapazi anu sanawamve. Khalani pa mtunda wa mita imodzi kapena ziwiri. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi madesibelo 6, ndiye kuitana muli kukhitchini iye ali pakhonde n'kungodzitopetsa. Lamulo losavuta kwa ana ndi ili: ngati sukuona maso awo, usayambe nkhani.

Kuwala kuzigwa pankhope panu. Mukakhala pakhomo kapena pawindo dzuwa lili kumbuyo kwanu, iye amangoona chithunzithunzi chakuda. Usiku magetsi akazima, kapena mukucheza panja, tochi kapena nyali iunikire inu wolankhula, osati iye. Musalankhule mukutafuna nzimbe kapena chimanga, ndipo abambo adule ndevu zimene zaphimba milomo.

4. Sinthani kalankhulidwe

Musakuwe. Kukuwa kumapotoza milomo, kumakweza a ndi o zimene amazimva kale, s ndi f n'kukwiririka. Nkhope ya munthu wokuwa imaoneka yokwiya ngakhale akungofunsa za tiyi. Komanso khutu lowonongeka mkati lili ndi khalidwe lodabwitsa: mawu otsika silimva, koma akakwera pang'ono amalipweteka. Ndiye mumamva, "Nanga mukundikalipiriranji?" Kwezani mawu pang'ono pokha, lankhulani momveka, mofatsirapo, mukupumira pakati pa ziganizo. Kutafuna mawu mokokomeza ngati mukuphunzitsa khanda kumasokoneza milomo, ndipo n'kunyoza.

Tchulani mutu wa nkhani poyamba. "Za feteleza." Dikirani agwedeze mutu, kenako pitirizani. Milomo yokha siyokwanira, chifukwa p, b ndi m zimaoneka chimodzimodzi, pamene k ndi g sizioneka n'komwe. "Bowa" ndi "mowa" pamilomo ndi chinthu chimodzi. Akadziwa kuti mukukamba za ndiwo, sasokoneza. Mukasintha nkhani, nenaninso.

Akapanda kumva, bwerezani kamodzi kokha. Zikakanika, sinthani mawu, chifukwa mwina m'chiganizocho muli zilembo zomwe khutu lake linataya. "Mawa tipita kuchipatala" isanduke "Kwa dokotala. Mawa m'mawa. Inu ndi ine."

Mawu oopsa kwambiri pakhomo potere ndi "basi zisiyeni" ndi "palibe kanthu". Wolankhula amangofuna kupumula, koma womvera amamva kuti sali woyenera kuvutikira. Akauzidwa choncho kawirikawiri amasiya kufunsa, ndipo apakhomo amaganiza kuti zinthu zili bwino pamene munthu wachoka pagulu. Ngati mwatopadi, nenani zoona ndipo mukwaniritse: "Agogo, ndimalize kaye kupakula, ndibwera ndikufotokozereni."

Pa nkhani zofunika musafunse kuti "mwamva?", chifukwa yankho limakhala "eee" nthawi zonse. Funsani mwaulemu funso lofuna yankho lenileni: "Ndiye tagwirizana tsiku liti, Bambo?" Ndalama, masiku, mayina a anthu, kamwedwe ka mankhwala ndi uthenga wa maliro, zonsezi lembani. Kakope ndi cholembera zikhale pamalo amodzi odziwika. Kwa amene sawerenga, onetsani zala, kalendala kapena ndalama zenizenizo.

5. Chepetsani phokoso, konzani pokhala pagulu

Nkhani ikayamba, wailesi ndi TV zizime, osati kungotsitsa. Mvula ikamagwa pamalata, nkhani yofunika idikire. Chipinda chokhala ndi makatani, mipando ya nsalu kapena mphasa pansi chimamveka bwino kuposa cha simenti yokhayokha, chimene chimabweza mawu.

Pachakudya kapena pamsonkhano wa banja khalani mozungulira kuti aone nkhope zonse. Iye atsamire khoma, khutu labwino liloze kwa anthu. Anthu azilankhula mmodzimmodzi, ndipo woyamba kulankhula akweze dzanja pang'ono kuti maso amupeze msanga. Munthu mmodzi akhale mbali ya khutu labwino kuti azimuuza mutu wa nkhani ukasintha. Anthu akaseka, mufotokozereni nthabwalayo nthawi yomweyo. Phwete limene munthu sakudziwa gwero lake amaliona ngati lonena iye.

Lankhulani naye mwini wake. "Afunseni ngati adya", iye ali pomwepo, kumam'sandutsa mwana.

Kutchalitchi kapena kumzikiti akhale kutsogolo poona nkhope ya wolalikira, koma osati pafupi penipeni ndi chimkuzamawu. Pemphani kuti manambala a nyimbo ndi mavesi alembedwe pabolodi, ndipo wina amulembere zolengeza. Kubanki mkhonde aone ndi maso zimene zalembedwa m'buku asanavomere. Kuchipatala uzani wolembera kuti dzina likaitanidwa samva, ndipo pemphani kuti zilembedwe pachikuto cha buku lake la kuchipatala. Adokotala alankhule ndi wodwalayo, achotse chophimba pakamwa ngati n'kotheka, kapena alembe. Zotsatira za magazi si zokuwa anthu a pamzere akumva, ndipo womuperekeza m'chipinda asankhe yekha.

6. Mwamuna ndi mkazi

Mabanja ambiri amakamba zakukhosi usiku, nyali itazima, monong'ona kuti ana asamve. Vuto la kumva limalanda nthawi yomweyo: mdima wabisa milomo, kunong'ona sikufika, makina avulidwa, mwinanso khutu labwino lagonera pilo. Winayo amalankhula, osayankhidwa, n'kutembenukira kukhoma ali wokhumudwa. Zikapitirira, nkhani imafika kwa ankhoswe ngati ya kusakondana, pamene gwero lake ndi khutu.

Kambani zanu nyali isanazime, mutakhala tsonga moyang'anana. Sinthanani mbali za bedi kuti khutu labwino likhale kumwamba mukayang'anizana. Tochi ikhale kumutu. Gwirizanani tizizindikiro ta m'manja ta mumdima, monga kufinya dzanja kawiri kutanthauza kuti "yatsa, ndikufuna tilankhule". Ngati makoma ndi aafupi ndipo ana amamva, nkhani zachinsinsi zisamukire m'mawa kapena popita kumunda, mphindi 15 zokha patsiku, muli awiri.

Wakumva bwinoyo amatopa, ndipo zimenezi n'zoona zofunika kuzinena. Amayankha mafoni onse, amamasulira alendo, amabwereza mawu kuyambira m'mawa. Ntchitoyi igawidwe kwa ana ndi abale. Koma samalani ndi chizolowezi chomuyankhira kapena chomanga mfundo za ndalama, munda ndi sukulu ya ana iye osadziwa chifukwa choti kufotokoza kumachedwetsa. Munthu amene wakhala akufunsidwa nzeru moyo wake wonse amamva kuwawa akamangoona zinthu zitachitika kale.

Yang'anirani ngati wayamba kuthawa anthu: wasiya bawo, kwaya kapena mvano, alendo akabwera akulowa kuchipinda. Musamukakamize kupita pachigulu. Itanani mnzake mmodzi kapena awiri adzacheze pamalo a phee. Akayamba kusagona, kusadya kapena kunena kuti moyo ulibe ntchito, pitani naye kuchipatala. Gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet, mu lipoti la 2020, linaika kusamva bwino pa zinthu zimene zimawonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndiye kumusiya yekhayekha si nkhani yaing'ono.

7. Kwa inu amene simukumva bwino

Uzani anthu chimene achite, osangoti "sindimva". Nenani kuti, "Khutu lakumanja ndi limene limamva, bwerani mbali iyi, ndipo muzindiyang'ana." Mukaphonya mawu, bwerezani mbali imene mwamva: "Mwati mubwera Lachitatu nthawi yanji?" Mnzanu amangodzaza pamene pasowa, m'malo moyambiranso zonse. Kugwedeza mutu musanamve kumakupulumutsani mphindi imodzi, koma mungavomere ngongole kapena kuseka pa uthenga wachisoni. Ena, poopa kufunsidwa, amalankhula okhaokha osapatsa anzawo mpata. Dziyang'anireni pamenepo. Mukatopa, nenani, mukapume pamalo opanda phokoso.

8. Makina othandiza kumva

Makinawa amathandiza kwambiri, koma sabwezera khutu mwakale. Amagwira bwino ntchito wolankhula akakhala mkati mwa mamita awiri, ndipo paphokoso amavutikabe, choncho zonse zanenedwa pamwambazi zipitirire. Akhale ochunidwa ndi katswiri molingana ndi zotsatira za kuyeza. Timakina togula pamsika timakweza chilichonse mofanana, ndipo tingawonjezere vuto.

Masiku oyamba zonse zimamveka zachilendo: mbale, madzi, tambala, ngakhale mawu a mwini wake. Ambiri amavula n'kuponya m'sutikesi sabata yoyamba. Ayambe ndi maola ochepa panyumba, aziwonjezera tsiku ndi tsiku mpaka azivala kuyambira m'mawa mpaka pogona. Kuzolowera kumatenga milungu ingapo. Akavala pa ukwati pokha, ubongo suzolowera. Zikamapwetekabe kapena kusokosa, bwererani kukachunitsa.

Mabatire ake amadziwika ndi nambala ndi mtundu wa kapepala: 10 wachikasu, 312 wofiirira, 13 wa olenji, 675 wabuluu. Mukamatula kapepalako dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanalowetse batire, chifukwa limadzuka ndi mpweya, ndipo likamatulidwa limayamba kutha ngakhale musaligwiritse ntchito. Aang'ono amatha m'masiku ochepa, aakulu amafika milungu iwiri kapena kupitirira. Usiku tsekulani kachitseko ka batire, pukutani ndi kansalu kouma, ikani m'kabotolo kotseka komwe muli timibulu toyamwa chinyezi, makamaka nthawi ya dzinja. Vulani posamba ndi podzola mafuta, ndipo musaumitse padzuwa kapena pambaula. Makina akamalira mluzu, kawirikawiri kachipangizo ka m'khutu sikanalowe bwino, kapaipi kolumikiza kachipangizoko ndi makinawo kang'ambika kapena m'khutu mwadzaza phula. Akangoti zii, yambani mwasintha batire, kenako onani ngati kabowo sikanatsekeke ndi phula kapena dontho la madzi. Kapaipi kakauma n'kusintha mtundu, kasinthitseni. Mabatire abisidwe kutali ndi ana. Mwana akameza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

9. Foni, usiku ndi pamsewu

Abale amene ali ku Johannesburg kapena ku UK amakonda kutumiza mauthenga a mawu pa WhatsApp. Kwa wosamva bwino amenewa ndi ovuta kuposa onse, chifukwa mulibe nkhope ndipo sangafunse. Lembani, kapena imbani pavidiyo muli powala, foni mutaitsamiritsa penapake kuti isagwedezeke, nkhope yonse ikuoneka. Foni yake ikhale yonjenjemera ndiponso yowalitsa ikamaitana.

Ngati vuto ndi lalikulu kwambiri moti makina sakuthandiza, banja lonse liphunzire chinenero chamanja, osati iye yekha. Bungwe la MANAD, la anthu osamva m'Malawi, ndi poyambira kufunsa.

Wogona atavula makina samva kugogoda, kulira kwa mwana kapena mfuu ya moto. Ngati amagona yekha, wachibale wodalirika akhale ndi kiyi wina, ndipo mugwirizane chizindikiro monga kuthwanimitsa tochi pawindo. Pamsewu aziyenda mbali yakumanja, moyang'anizana ndi magalimoto obwera, chifukwa belu la njinga ndi hutala ya kabaza zochokera kumbuyo sazimva. Mukamayenda naye khalani mbali ya khutu labwino, ndipo nkhani ikafuna yankho, imani kaye pambali muyang'anane.